Tipi, Sadaka ndi "Ya Fanta"

Mabasi opita ku Joni amadutsa pano pa Chemusa polowera ku Zalewa ndi ku Mwanza, ndipo ambiri mwa okweramo ndi ana athu ochokera ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Masiku ano amanyamuka ali ndi malangizo a apaulendo m'mafoni mwawo, ena mwa iwo onena za tipi, kangachepe kamene munthu amawonjezera pa bilu pothokoza amene wamutumikira. Tawawerenga malangizowa, ndipo sitikukhutira nawo.

Manambala ake ndi oona. Ku South Africa woperekera zakudya mu lesitilanti amayembekezera 10 mpaka 15 peresenti, ndipo wothira mafuta ndi wolondera galimoto amalandira marandi ochepa. Ku America ndi 15 mpaka 20 peresenti. Ku Japan sapereka n'komwe; ukasiya ndalama patebulo angakutsatire nazo kunja poganiza kuti waiwala. Chimene olembawo sanena ndi chifukwa chake. Lamulo la boma lalikulu la America limalola bwana kulipira wantchito wolandira tipi madola 2.13 okha pa ola, ndalama imene sinasinthe chiyambire 1991. Kumeneko tipi ndi malipiro amene bwana wawakankhira kwa kasitomala. Mwambowu sitiuyamikira, koma mlendo akaumana, wolangidwa ndi wantchito, osati mwini lesitilanti. Choncho ikani tipi pa bajeti ya ulendo, ndipo musaiwerengere pa sadaka yanu, pakuti munthuyo waikhetsera thukuta.

Cholakwika chachikulu n'chakuti malangizowa analembedwera wokwera ndege ndi wogona m'hotela. Mwana wathu amadutsa zipata za Mwanza, Zóbuè, Nyamapanda ndi Beitbridge, kumene funso la ndalama limabwera mwa mtundu wina. Chichewa chathu nachonso sichimuthandiza: mawu amodzi omwewo akuti "ya fanta" timawanena kwa mnyamata amene watinyamulira katundu, timawanenanso kwa munthu wa yunifolomu amene wagwira pasipoti yathu. Buku la alendo likamati kupereka kangachepe ndi ulemu, wachinyamata wosadziwa angaganize kuti zonsezi n'chimodzimodzi.

Pamadrasa timaphunzitsa nkhani ya Ibn al-Lutbiyya, amene Mtumiki (S.A.W.) anamutuma kukatolera zakaat. Pobwerera anapatula chuma china n'kunena kuti icho anachita kupatsidwa ngati mphatso. Mtumiki anamudzudzula poyera, ndi kufunsa ngati mphatsoyo ikanamupeza atakhala m'nyumba ya makolo ake. Muyeso wake ndi umenewo. Wonyamula katundu alibe mphamvu pa inu; ntchito waimaliza, mukamumana angodandaula. Wogwira chidindo ali ndi mphamvu yokubwezani, ndipo ndalama imene mumamupatsa chidindo chisanagwe ndi rishwa, chiphuphu, kaya mwaitchula dzina lokoma bwanji. Kuno kwathu lamulo la Corrupt Practices Act la 1995 limalanga wopereka ndi wolandira yemwe.

Tikudziwa kuti pali okakamizidwa, amene mapepala awo ali bwinobwino koma basi ikufuna kuwasiya usiku m'dziko la eni. Maulama ambiri anati tchimo la wotereyu lili pa wolandirayo. Koma chilolezo chimenechi n'cha woponderezedwa pa ufulu wake. Sichifika kwa amene masiku ake okhala m'dzikomo anatha kalekale, wapinda ndalama m'kati mwa pasipoti basi isananyamuke n'komwe.