Jimu ya ku America ndi thumba la ku Mitundu

Kanema uja amene anaponyedwa pagulu pano sabata yatha ndamuonera katatu, mpaka bandulo kundithera. Anyamata ndi atsikana a ku America, thukuta lili kamukamu, akugubuduza matayala a thirakitala, ena asenza matumba a mchenga paphewa, ena akuyenda ndi zitsulo manja onse awiri. Ambiri mwa inu munaseka kuti abwere ku Mitundu adzatsitse chimanga, tiwalipira. Inenso ndinaseka. Koma pomuonera kachitatu, kuseka kunandithera.

Masewerawa amatchedwa CrossFit. Anawayambitsa Greg Glassman ku Santa Cruz, m'chigawo cha California, ndipo mpikisano wake waukulu unayamba mu 2007. Maganizo ake ndi akuti thupi lizichita zomwe limachita pa moyo weniweni, monga kunyonyomala, kudzutsa katundu pansi, kukankha ndi kukoka, kuti zochitazo zizisinthasintha, ndiponso kuti zizichitika ndi mphamvu zonse kwa kanthawi kochepa.

Pa mfundo yoyambayo, abale anga, munaseka zoona. Kuyenda ndi zitsulo kuja eni ake amakutcha "farmer's carry", kunyamula kwa mlimi, koma m'kanema monse mlimi mulibe ndi mmodzi yemwe. Mu 1986 akatswiri otsogozedwa ndi Maloiy anapeza kuti amayi a Chikikuyu ndi Chiluo ku Kenya amasenza pamutu katundu wofika gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa thupi lawo, thupi osawononga mphamvu zoonjezera. Ife a chidebe ndi nkhata sitingadabwe nazo.

Pamene tinalakwa ndi pa mfundo zinazo. Tinati nafenso timachita jimu tsiku ndi tsiku. Ayi ndithu. Mu 1996 katswiri wa ku Japan, Izumi Tabata, anayesa njira yoti munthu apalase njinga mwamphamvu masekondi 20, apume 10, kubwereza mpaka mphindi zinayi. Zinayi basi! Ndiye yerekezani ndi mnyamata amene amanditsitsira nyemba ndi mtedza. Matumba a makilogalamu 50, kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kupendeka, phewa lomwelo, kuwerama komweko, m'mimba muli mandasi awiri ndi thobwa. Kapena abambo aja okankha njinga za makala kuchokera cha ku Dzalanyama. Palibe kusinthasintha, palibe kupuma. Minofu imakula pamene munthu wapuma, wadya ndi kugona, osati pamene ali pansi pa thumba. Ofufuza a ku Denmark, monga Andreas Holtermann, aonetsa kuti ntchito yolemetsa ya tsiku lonse sipindulitsa mtima ngati masewera a nthawi yopuma. Ine msana wanga unandiuza zimenezi kalekale, ndili ndi zaka makumi atatu zokha.

Ndiye mlandu wanga ndi kanemayu ndi uwu: akutionetsa thukuta lokha. Wojambula anadula chakudya, anadula tulo, anadula mphunzitsi amene amaimitsa munthu nkumuuza kuti pinda mawondo, msana uwongoke, katundu akhale pafupi ndi thupi. Anasiya nkhope zokwinyika ndi nyimbo zaphokoso, chifukwa ndi zomwe zimagulitsa. Inenso ndine wamalonda, ndimadziwa kuika tomato wofiira pamwamba pa mulu.

Vuto ndi loti ana athu akugula muluwo. Ku Nathenje, kuseri kwa magolosale a m'mbali mwa M1, ndaona achinyamata atathira simenti m'zitini za penti nkulowetsa chitsulo pakati. Luso lake ndimaligomera. Koma ena mwa iwo amakhala atagwira kale ganyu tsiku lonse, madzulo nkumakankhanso simenti mpaka kusanza, eti ndiye kulimba. Sadziwa kuti kupyola muyeso kumatha kuphwanya minofu mpaka mkodzo kuda ngati tiyi wopanda mkaka, impso nkuvulala.

Chimodzi chokha ndatolapo, ndipo ndikuvomera: kupinda mawondo podzutsa thumba. Chathandiza. Chachiwiri ndinayesa kumupatsa mnyamata wanga uja. Ndinati, achimwene, mukatsitsa asanu muzikhala kaye pansi, mumwe madzi. Anandiyang'ana nkuseka. Akuti, "Mayi, ndikakhala pansi, thumba lachisanu ndi chimodzi anyamula wina. Ndiye ndalama yake mundipatsa ndinu?"

Sindinamuyankhe. Lole inali ikudikira.