Kalaliki Wosunga Zigamulo za Mabanja Otha

Ku United States kulibe ofesi imodzi yomwe munthu angapiteko n'kukafunsa ngati banja la uje ndi uje linathadi mwalamulo. Boma lalikulu la ku Washington silimanga ukwati, silimasulanso. Nkhani zimenezi zili m'manja mwa zigawo 50 za dzikolo, ndipo zigawozo zinagawidwa m'maboma ang'onoang'ono otchedwa county, omwe onse pamodzi amaposa 3,000. Chigamulo chothetsa banja chimakhala m'khoti la boma lomwe woweruza anachisainira, ndipo sichichokamo ngakhale eni ake atasamuka kangati. Munthu akachifuna patapita zaka 20 kapena 40, womupezera ndi kalaliki wa khotilo. Ntchito ya munthu ameneyu ndimaisirira, ndipo ndi ochepa amene amaiona ngati luso.

Obwera pawindo lake sabwera kudzacheza. Wina akufuna kukwatiranso. Wina akulembetsa mkazi wake watsopano ku ofesi yoona za olowa m'dziko, komwe amafuna umboni woti maukwati onse akale anatha. Wina ndi mayi wachikulire amene wamva kuti angathe kulandira ndalama za boma za okalamba, za Social Security, kudzera m'dzina la mwamuna amene anasiyana naye kalekale, bola ukwatiwo ukhale kuti unakwanitsa zaka 10. Kwa mayi ameneyu, tsiku lolembedwa pa chigamulo ndi nkhani ya chakudya cha mwezi ndi mwezi. Ukwati ukapereweza masabata awiri okha, ndalamazo palibe.

Luso limayambira pa kufunsa. Anthu amafika ndi nkhani yonse, amene analakwa, amene anachoka usiku, amene anatenga ana. Kalaliki wodziwa ntchito amamvetsera pang'ono, kenaka n'kufunsa funso lomwe ambiri saliyembekezera: "Pamene mlandu unkalowa kukhoti, wokasumayo ankakhala kuti?" Safunsa komwe ukwati unachitikira, chifukwa zimenezo sizimuthandiza. Anthu angakwatirane ku Ohio n'kukasiyana ku Arizona. Amafunsanso dzina lomwe mayiyo ankadziwika nalo panthawiyo, osati la lero, ndiponso chaka. Wofunsidwa akati chaka sakuchikumbukira, kalaliki samubweza. Amamufunsa kuti mwana womaliza anali ndi zaka zingati, kapena ankagwira ntchito kuti, mpaka zaka 15 zokayikitsa zitafupika kukhala zitatu.

Kuti afunse bwino chonchi, ayenera kusunga m'mutu mbiri ya malamulo, ngakhale sanapite kusukulu ya zamalamulo. M'chaka cha 1931 chigawo cha Nevada chinalamula kuti munthu akangokhalako masabata 6 okha, akhoza kusuma mlandu wothetsa banja. Anthu ochokera m'zigawo za malamulo okhwima, makamaka New York, anakhamukira mumzinda wa Reno, n'kumadikira masabata awowo m'mahotela ndi m'mafamu olandira alendo. Choncho mdzukulu amene akufufuza za agogo ake omwe moyo wawo wonse anakhala ku Brooklyn akhoza kuvutika pachabe ku New York, chikhalirecho fayilo ili ku Washoe County, kutsidya lina la dziko. Ku South Carolina lamulo linkakaniratu kuthetsa banja kufikira 1949, ndiye wofufuza za m'ma 1930 amalozeredwa ku zigawo zoyandikana. Ku Cook County, komwe kuli mzinda wa Chicago, moto waukulu wa 1871 unapsereza zolembedwa za khoti, ndipo kalaliki wa kumeneko amadziwa kuti chaka chimenecho ndicho malire a zomwe angalonjeze.

Ngakhale khomo loti ugogode limasiyana. Ku Texas mafayilo ambiri otere amasungidwa ndi District Clerk, ku Pennsylvania ndi ofesi ya Prothonotary, ku Massachusetts ndi Probate and Family Court. Ku New York mlandu umazengedwa ku Supreme Court koma mapepala amasunga ndi County Clerk. Theka la chifundo cha kalaliki ndi kuuza munthu msanga kuti wasochera, n'kumulozera khomo loyenera asanalipire kalikonse.

Kenaka pamabwera kaundula, ndipo apa m'pamene ndimakonda kuchedwapo. Ambiri timaganiza kuti zonse zili pa kompyuta, koma m'makhoti ochuluka kompyuta imangobwerera m'mbuyo zaka zowerengeka. Kupitirira apo pali timafilimu tosungira zithunzi za mapepala, ndipo kuseri kwa timafilimuto kuli mabuku akuluakulu olembedwa pamanja, lina la osuma, lina la osumiridwa. M'makhoti ambiri a ku Pennsylvania mabukuwa anasanjidwa m'njira yotchedwa Russell, yomwe sitsata ndondomeko ya afabeti monga tinaphunzirira kusukulu. Umatenga chilembo choyamba cha dzina la bambo, kenaka n'kuyang'ana m'dzinamo zilembo zisanu zokha, l, m, n, r ndi t, zina zonse n'kuzidumpha. Mlendo amaona ngati ndi chisokonezo. Koma taonani zomwe njirayi imachita: Snyder, Snider ndi Schneider onse amakumana pamalo amodzi, chifukwa onse ali ndi S, kenaka n, kenaka r. Amene anaikonza ankadziwa kuti kalaliki wa nthawi imeneyo ankalemba dzina monga walimvera, ndipo anakonzeratu njira yoti cholakwa cha khutu chisataye munthu.

Komabe njira iliyonse ili ndi pothera pake, ndipo pamenepo mpamene munthu amaposa buku. Mayina athu ena amalembedwa ndi l kapena r mosinthanasinthana, monga Chirwa ndi Chilwa, ndipo m'kaundula wotere mayina awiriwa amagwera m'malo osiyana. Mmalawi wokhala ku America amene dzina lake linalembedwa mwina pa pasipoti ndi mwina pa fomu ya loya akhoza kuuzidwa kuti fayilo yake kulibe. Kalaliki waluso akalephera kupeza dzina la mwamuna amayesa la mkazi. Akalepheranso amasinthanitsa dzina loyamba ndi la bambo, poganiza kuti wolemba anasokoneza. Amayesa chaka cham'mbuyo ndi cham'tsogolo. Chomwe akusakasaka ndi nambala ya mlandu, popeza ikangopezeka, zotsalazo ndi miyendo chabe: kupita kuchipinda chapansi kapena kuitanitsa bokosi ku nyumba yosungira zakale. Ku California malamulo amalipiritsa madola 15 ngati kufufuza kwapitirira mphindi 10, ndi masenti 50 pa tsamba lililonse lokopera. Mphindi 10 ndi zochepa kwambiri, ndipo amene amazikwanitsa ndi amene anafunsa bwino pawindo paja.

Fayilo ikafika pa tebulo, ntchito yeniyeni sinathe. Kupezeka kwa fayilo sikutanthauza kuti banja linatha. Milandu yambiri imalowa kukhoti n'kufera m'njira: anthu anagwirizananso, kapena ndalama za loya zinatha, kapena wosuma anangosiya kubwera. Pali anthu amene akhala zaka zambiri akukhulupirira ndi mtima wonse kuti ndi mbeta, pomwe pamaso pa lamulo akadali pabanja. N'chifukwa chake kalaliki amayamba wawerenga tsamba la ndondomeko ya mlandu, pomwe chilichonse chochitika chinalembedwa ndi tsiku lake, n'kutsika nalo mzere ndi mzere mpaka pansi. Akufuna kuona ngati pali chigamulo chomaliza, chosainidwa ndi woweruza ndi cholowetsedwa m'kaundula.

Ndipo chigamulo china chimaoneka ngati chomaliza pomwe sichili chomaliza. Ku Massachusetts woweruza akagamula, banja limakhala lisanathe kufikira patadutsa masiku 90, ndipo munthu akakwatira mkati mwa masiku amenewo wakwatira akadali ndi banja. Ku California, komwe bwanamkubwa Ronald Reagan anasainira mu 1969 lamulo lolola kuthetsa banja popanda kuloza wolakwa, banja silingathe pasanadutse miyezi 6 chilandirireni samani wosumiridwayo. Ofesi ya zaumoyo ya chigawo chomwechi ili ndi kaundula wake wa milandu yotere kuyambira 1962 mpaka June 1984, koma chikalata chomwe imapereka chimangosonyeza kuti mlandu unalowa, osanena ngati unafika kumapeto. Munthu akhoza kuchinyamula mokondwa n'kukabwezedwa nacho. Kalaliki wa khoti amadziwa kusiyana kwa mapepala onsewa pongowaona, ndipo pa tsamba lodzaza ndi masiku osiyanasiyana amaloza limodzi n'kunena kuti, "Tsiku lomwe akufuna kumeneko ndi ili."

Kwathu banja likatha, ankhoswe ndi amene amasunga nkhani yake, chifukwa analipo pomanga ndiponso pomasula. Kalalikiyu amagwira ntchito yofananako, koma kwa anthu omwe sanawaonepo, ena anamwalira iye asanabadwe. Umboni wake wonse uli pa chidindo, ndipo chidindocho amachisamala kwambiri. Kope wamba ndi yongowerenga. Kope yotsimikizidwa imakhala ndi siginecha yake ndi chidindo cha khoti, kunena kuti pepalali likufanana ndendende ndi lomwe lili m'fayilo. Palinso ina yolemera kuposa apa, yomwe makhoti a zigawo zina amafuna: kalaliki amatsimikiza pepala, woweruza n'kutsimikiza kuti kalalikiyo ndi woona ndipo watsata mwambo, kenaka kalaliki n'kutsimikizanso kuti woweruzayo ndi woona. Mwambo woti woweruza aikire umboni kalaliki unachokera ku lamulo la 1790, dzikolo likadali laling'ono. Pepala likamapita kunja, monga kuno ku Malawi, kawirikawiri limadutsanso ku ofesi ya Secretary of State wa chigawocho kuti alimatepo chikalata cha apostille, motsata pangano la ku Hague la 1961 lomwe mayiko onse awiriwa ali nawo. Ndipo popereka mapepalawo kalaliki wabwino amachenjeza kuti musachotse kawaya komangira masambawo pofuna kujambula, chifukwa ofesi zina zikaona kuti mtolo unamasulidwapo zimaukana.

Amadziwanso pokana. M'fayilo yothetsa banja mumakhala zamanyazi zonse za m'nyumba, malipiro, ngongole, matenda, zonenezana, mayina a ana. Ku New York lamulo limatseka mafayilo amenewa kwa zaka 100, moti amene angawaone ndi eni mlandu ndi maloya awo okha, pokhapokha khoti litalamula mwina. Wina aliyense angapatsidwe kachikalata kongonena momwe mlandu unathera, osaposa apo. M'zigawo zina mafayilo ndi otsegula, koma manambala a Social Security ndi a kubanki amabisidwa. Kalaliki saloledwanso kupereka uphungu wa zamalamulo. Mayi akamufunsa ngati chigamulochi chikumupatsa gawo la penshoni ya mwamuna, kalaliki angamuonetse tsamba lomwe nkhaniyo yalembedwa, koma kumasulira kwake amamutumiza kwa loya. Ena amati kumeneku ndi kuuma mtima. Ine ndimati ndi ulemu, chifukwa mawu oyerekeza ochokera pawindo la khoti anthu amawatenga ngati chigamulo, ndipo angawononge moyo wa munthu.

Kusamala komweku kumaonekera kwambiri pamene fayilo yasowa. Kalaliki salemba kuti anthuwa sanasiyane, popeza zimenezo sangazidziwe. Amalemba kuti wafufuza m'kaundula wa khoti lino, pa mayina awa, kuyambira chaka chakuti mpaka chakuti, ndipo sanapeze mlandu. Chiganizo chilichonse m'kalatamo angachiikire umboni pamaso pa woweruza. Wofunsayo amachoka wopanda chomwe anadzera, koma boma limodzi lachotsedwa pa mndandanda, kalembedwe ka mayina komwe kayesedwa kale kali papepala, ndipo kalaliki wa boma loyandikana akalandira kalatayo sayambiranso pachiyambi.