Nyimbo Yotsata Malankhulidwe a Anthu

M'dziko la Czech, ku Ulaya, kudali mmisiri wopeka nyimbo dzina lake Leoš Janáček, amene adabadwa m'chaka cha 1854 namwalira mu 1928. Munthuyu sadakhutire ndi maphunziro a kusukulu okha ayi. Ankayenda m'midzi ya ku Moravia kulemba nyimbo za alimi. Pamsika ndi panjira ankatchera khutu kuti amve m'mene mawu a anthu amakwerera ndi kutsikira polankhula, nalemba zonsezo m'kabuku. Tsono m'sewero lake loimba lotchedwa Jenůfa, limene lidaonetsedwa ku Brno mu 1904, oimba amamveka ngati anthu a kumudzi amene akudandaula, kukalipa ndi kupepesa. Luso lake lagona pamenepo: nyimbo imatsata chilankhulo.

Nkhani yomweyi ilipo ku Malawi. M'Chichewa liwu limatalika pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, monga mu-LU-ngu ndi chi-KO-ndi. Koma nyimbo zambiri zimene amishoni adabwera nazo zimalemera pa phatikizo lomaliza la mzere. Pomasulira nyimbozo, mawu ena adakokedwa kumchira, kotero kuti nkhalamba yosadziwa kuwerenga imavutika kugwira tanthauzo. Nyimbo yotere ndi chikomekome cha mkuyu: imakoma m'khutu, koma m'kati mawu athyoka.

Pakati pa Angoni a ku Mzimba padapezeka njira ina. Mawelera Tembo wa ku Njuyu, amene adabatizidwa mu 1890, adatenga maimbidwe a makolo ake naikamo mawu achikhristu. Mbusa Donald Fraser adalimbikitsa ntchitoyi pochititsa mipikisano yopeka nyimbo ku Embangweni, ndipo Peter Thole ndi Charles Chinula adapekanso zawo. Mu 1959 Helen Taylor adasindikiza zina mwa nyimbozi m'buku lotchedwa Tunes from Nyasaland.

Mphamvu ya nyimbozi ili pawiri. Poyamba, mawu amagwa m'malo mwake monga polankhula. Chachiwiri, mmodzi amatsogolera, gulu n'kuvomereza, monga pa ingoma. Choncho wopanda buku sasiyidwa m'mbuyo. Komabe pali chofooka. Moyo wa ingoma uli m'mapazi oponda pansi. Nyimbo yochokera kumeneko ikalembedwa m'buku, anthu n'kuiimba ataima chilili, theka la mphamvu yake limatsala pabwalo. Janáček naye ankadziwa kuti pepala silisunga zonse. N'chifukwa chake sadaleke kubwerera kwa eni ake nyimbo.

Anthu a ku Mchinji ali ndi chuma chokwanira pa ntchito imeneyi. Angoni a kwa Zulu ndi a kwa Mlonyeni ndi abale a Angoni a kwa Mpezeni ndi a ku Mzimba, pakuti onsewo makolo awo adaoloka Zambezi ndi Zwangendaba mu 1835. Achewa nawo ali ndi nyimbo za chimtali ndi za pamtondo. Ndiponso mu 1963 msonkhano waukulu wa Akatolika ku Roma udavomereza maimbidwe a mitundu ya anthu m'mapemphero.

Tsono wopeka nyimbo za kwaya ayambe walankhula mawu ake mokweza, kenaka awaimbe. Mawuwo akasintha maonekedwe poimba, akonze nyimbo, asapinde chilankhulo. Woweruza wabwino ndi gogo wokhala kumbuyo m'tchalitchi: iye akamva mawu onse navomereza, nyimboyo yapsa.