Umboni Wopanda Aleluya Kumapeto

Buku la Blood Brothers, limene Elias Chacour analemba mothandizana ndi David Hazard, linatuluka mu 1984, ndipo mutu wake umalonjeza chinthu chimene masamba ake sapereka. Munthu ukamva za abale a magazi amodzi, Myuda ndi Mwarabu, zidzukulu za Abrahamu, umayembekezera kuti kumapeto awiriwo akumbatirana misozi ili mbwembwembwe, kwaya n'kuyambitsa nyimbo. M'bukuli mulibe zimenezo. Anthu amene amakhululukirana owerenga akuona, nkhani yawo n'kutheratu, ndi amuna anayi a bere limodzi, onse Aarabu, onse opemphera tchalitchi chimodzi. Mlandu waukulu, wa mudzi umene unalandidwa, umatsala uli chitsegukire. Ine ndimaona kuti luso la bukuli lagona pamenepo, ngakhale kuti m'malo ena limatsimphina ndithu.

Chacour anabadwa mu 1939 m'mudzi wa Biram, kumtunda kwa Galileya, kufupi ndi malire a Lebanon. Ndi Mwarabu, ndi nzika ya Israel, komanso ndi wansembe wa mpingo wa Melkite, umene uli pansi pa Papa koma umachita Misa m'Chiarabu motsata mwambo wa kum'mawa. Kwathu kuno ambiri tikamva za Mwarabu timangoti ndi Msilamu basi, choncho munthu wotere amatisokoneza mutu tisanatsegule n'komwe buku. Asilikali a Israel analowa m'mudzi mwawo chakumapeto kwa 1948, ndipo mu Novembala anauza anthu kuti achokeko kaye kwa masabata awiri okha. Ambiri anakakhala ku Jish, mudzi woyandikana nawo. Masabata awiriwo sanathe mpaka lero. Mu Seputembala 1953 ndege zinaphulitsa nyumba za m'mudzimo eni ake akuonerera chapatali.

Wolemba wamba akanayambira pa mabombawo, chifukwa ndi pamene pali phokoso. Chacour ndi Hazard anayambira pa mwana wa nkhosa. Kamnyamata kali mumtengo wa mkuyu, kamva kuti bambo akukagula nkhosa pomwe si nyengo ya Pasaka, ndipo kakudabwa kuti kwagwanji. Madzulo bamboyo, Michael, asonkhanitsa ana n'kuwafotokozera kuti ku Ulaya kunali munthu wankhanza dzina lake Hitler amene anapha Ayuda osawerengeka, kuti opulumuka akubwera, ndipo asilikali awo adzagona m'nyumba muno kwa masiku angapo. Nkhosayo ndi ya chikondwerero choti anthuwo apulumuka. Banja lisamukira padenga, alendo agona m'kati.

Tsatanetsatane ameneyu si wangozi. Owerenga asanaone Myuda atanyamula mfuti, amuona kaye ngati munthu wothawa imfa, ndipo womuonetsa choncho ndi yemweyo amene adzalandidwe munda. Pofika pamene lonjezo la masabata awiri likusweka, khomo la chidani chophweka latsekedwa kale. Sungathe kunena kuti Ayuda ndi otero, chifukwa bambo uja anakuuziratu kumene achokera. Sungathenso kunena kuti zimene zinachitika ku Biram n'zazing'ono, chifukwa wadya nawo nkhosa ija. Tikumbukirenso amene ankalemberedwa. Bukuli linasindikizidwa ndi Chosen Books ku America, ndipo ogula ake oyamba anali Akhristu amene ambiri a iwo ankaona kubadwa kwa dziko la Israel mu 1948 ngati kukwaniritsidwa kwa ulosi, osaganizako kuti m'midzi ya Galileya munali Akhristu anzawo. Anthu otere ukawalonjera ndi ndale amatseka buku. Ndiye olembawo anawalonjera ndi mwana amene amayenda yekha m'mapiri akulankhula ndi Yesu ngati mnzake wa pamudzi, ndi mayi wosadziwa kuwerenga amene amasimbira ana ake chiphunzitso cha paphiri chochokera pamtima. Ndi machenjera, inde, koma machenjera oona, pakuti mwanayo analikodi.

Mpangankhani wamphamvu kuposa onse m'bukuli si Elias. Ndi bambo ake. Mfundo yonse ya kukhululuka yasenzedwa ndi munthu ameneyu, ndipo amaisenza ndi zochita kuposa pakamwa. Mwana wake wamkulu atabwera ndi mfuti kuti ateteze mudzi, mkuluyo amuuza kuti aichotse pakhomo. Asilikali atakweza amuna a ku Jish m'malole n'kukawataya kumalire, iye ndi ana ake aakulu ayenda wapansi miyezi itatu kudutsa m'maiko oyandikana nawo mpaka kubwerera, atatsala mafupa okhaokha, ndipo pemphero lake loyamba likhudzanso amene anawachita zimenezo. Koma chochitika chimene chimandikhala pamtima ndi cha munda. Minda ya mikuyu ya ku Biram itapita m'manja mwa eni atsopano, panafunika anthu oidziwa kusamala. Michael Chacour anakalembetsa ganyu m'munda wake womwe. Chifukwa chake chinali chakuti alendo sangaidziwe mitengoyo, aiwononga.

Pano wolemba sakuuza owerenga choti amve, ndipo n'chifukwa chake pamaluma. Wina awerenga n'kuti uku ndiko kufatsa kwa Khristu. Wina awerenga n'kuti uku n'kugonja kochititsa manyazi, munthu kulipidwa tsiku ndi tsiku pothyola nkhuyu zimene anabzala yekha. Bukuli limalola zonse ziwiri kukhala, ngakhale Elias mwiniwake akamakula amalimbana ndi funso lomweli: kodi kufatsa kwa bambo n'kokwanira? Moyo wake wonse wa unsembe, wa kuguba m'misewu ndi kumanga sukulu chilolezo chisanatuluke, ndi yankho la mwana amene amakonda bambo ake koma sakufuna kufanana nawo m'zonse. Msemphano umenewu ndiwo msana wa nkhani, ndipo suli pakati pa mitundu iwiri. Uli m'nyumba imodzi.

M'munda momwemo munali mkuyu umene mkuluyo anamezanitsapo mitundu ingapo ya nkhuyu pa thunthu limodzi. Chizindikiro chake n'choonekeratu, makamaka kwa odziwa zimene Paulo analemba kwa Aroma za nthambi zomezanitsidwa. Poyamba mtengowo umangokhala mtengo, malo obisalako mwana, ndipo umagwira ntchito yake mwakachetechete. Vuto limabwera pamene Elias, atakula, abwerera kubwinja n'kuyamba kuumasulira. Akanausiya. Owerenga anali atamva kale.

Kumasulira kotereku ndiko chilema cha bukuli, ndipo pena ndimakayikira dzanja la Hazard. Mfotokozankhani ndi mwana wa zaka zosakwana khumi, koma amakumbukira zokambirana za akuluakulu mawu ndi mawu, ziganizo zosalala ngati zapalidwa ndi mpeni. Anthu a ku Galileya amalankhula m'bukuli ngati alaliki a ku America. Nyengo nayo imamvera nkhani mopitirira: mtima ukalemera kunja kumachita mdima. Yerekezani ndi pamene ana akusewera mpira ku Jish, Elias n'kuona chinthu chitatulukira mumchenga, n'kupeza kuti ndi mkono wa munthu, manda a anthu ambiri okwiriridwa mothamanga. Pamenepo mawu ndi ochepa, mwana sakumvetsa zonse zimene waona, ndipo owerenga amanjenjemera m'malo mwake. Bukuli likamakhulupirira maso a mwana limayenda. Likayamba kumuikira mawu m'kamwa limakhala ngati sewero la Sande sukulu.

Pakatikati pali chigawo china chimene nkhani imaima chilili. Elias ali ku seminale ya Saint-Sulpice ku Paris, watopa ndi kumva anthu akutchula mtundu wake kuti zigawenga, ndipo ayamba kufufuza mbiri ya mmene dziko la Israel linayambira: msonkhano wa ku Basel wa 1897, Theodor Herzl, chikalata cha Balfour cha 1917. Owerenga a ku America ankafunikadi kumva mbali imeneyi. Koma mphamvu ya mboni imathera pamene maso ake anathera. Za Biram palibe angamutsutse Chacour, analipo. Za Basel ndi Balfour iye ndi wowerenga mabuku ngati wina aliyense, pa nkhani imene akatswiri a mbiri amakanganapo mpaka pano, komabe liwu silisintha, limakhalabe la munthu woti ndinaona ndekha. Ulemu umene owerenga anamupatsa chifukwa cha nkhosa ndi mkuyu akuugwiritsa ntchito pogula chikhulupiriro pa zinthu zina. Wolemba wosamala akanaika malire oonekera pakati pa ziwirizo.

Tsopano za abale anayi aja. Chacour anadzozedwa unsembe mu 1965 ndipo anatumizidwa ku Ibillin, mudzi wa Akhristu ndi Asilamu pakati pa Haifa ndi Nazareti. Anapeza tchalitchi chakutha, mpingo wogawanika, mkulu wa pampingo wosamufuna, moti kwa nthawi ankagona m'galimoto yake ya Volkswagen. Olembawo satithamangitsa pano. Amatiyendetsa khomo ndi khomo ndi wansembe wachinyamata amene akulephera, mpaka tizolowere kuti mudzi uno sungasinthe. Amationetsa wapolisi wina, Mwarabu wovala yunifolomu ya boma la Israel, amene sankalankhulana ndi abale ake atatu ngakhale pa maliro a mayi awo. Kenaka lifika Lamulungu la Kanjedza la 1966. Tchalitchi chadzaza, koma anthu akhala motalikirana, osayang'anana. Misa itatha, asanadalitse anthu kuti azipita, bambo mfumu apita kukhomo, akoka zitseko, azimanga ndi unyolo, atseka loko. Awauza kuti njira zilipo ziwiri: aphane momwemo, iye adzaika maliro awo osalipiritsa, kapena ayanjane.

Nthabwala ya maliro aulere ija ndi yofunika kuposa mmene imaonekera. Popanda iyo, chochitikachi chikanakhala cha mtsogoleri wopondereza amene watsekera nkhosa zake m'khola, ndipo kunena zoona mbali ina n'chomwecho, pakuti chikhululukiro chopemphedwa kiyi ali m'thumba mwa wansembe chili ndi mafunso ake. Nthabwalayo imaonetsa munthu amene akudziwa kuti akuchita zamisala ndipo mwina mawa amuthamangitsa. Kenaka olembawo achita chinthu chovuta kwa mlaliki aliyense: akhala chete. Mphindi zikupita, palibe woyankha, wansembe wayamba kuganiza kuti zake zada. Woimirira woyamba ndi wapolisi uja, munthu amene tinaphunzitsidwa kumuopa. Apempha chikhululukiro, abale ake amuthamangira, ndipo mpingo uyamba chikondwerero cha Pasaka sabata isanakwane.

N'chifukwa chiyani pachimake pa buku lonena za Ayuda ndi Aarabu pali mkangano wa Akhristu okhaokha? Chifukwa ndi chiyanjano chokhacho chimene Chacour anachiona chikutha, ndipo sanafune kupeka china. Pamlandu waukulu uja anayesa. Mu Ogasiti 1972, iye ndi bishopu wake Joseph Raya anatsogolera anthu zikwi, Ayuda ndi Aarabu pamodzi, kuguba mu Yerusalemu kupempha kuti anthu a ku Biram ndi a m'mudzi wina wa Iqrit abwerere kwawo. A ku Iqrit anali atapambana kale mlandu kukhoti lalikulu la Israel mu 1951, koma mudzi wawo unagumulidwa pa Khirisimasi ya chaka chomwecho. Boma la Golda Meir linakana. Bukuli limasimba kugubako ndi chimwemwe chake chonse, kenaka limavomera kuti sikunabweze munthu ndi mmodzi yemwe kumudzi.

Umboni umene tinazolowera m'matchalitchi mwathu uli ndi miyendo itatu: ndinali pamavuto, Ambuye anandikhudza, lero ndili bwino, ndipo mpingo umayankha aleluya. Wa Chacour mwendo wachitatu ndi waufupi. Sukulu ya Mar Elias imene anayamba ku Ibillin inakula, iye anadzakhala arkiepiskopi wa ku Galileya kuyambira 2006 mpaka 2014, koma ku Biram lero kuli malo osungidwa ndi boma okaonako alendo, tchalitchi chakale, ndi manda amene ana a mudziwo amaloledwa kudzaikako akufa awo. Amati chibale ndi fupa sichiola, ndipo mutu wa bukuli watsamira pa chikhulupiriro chomwecho. Masamba ake ndi osamala kuposa mutuwo: amangosonyeza kuti mbali imodzi yakana kuleka kutchula inayo kuti m'bale.

Ndipo ndi mbali imodzidi. Ayuda a m'bukuli ndi asilikali, akuluakulu a boma, kapena aphunzitsi okoma mtima a ku Hebrew University kumene Chacour anaphunzira Baibulo ndi Talmud. Palibe mmodzi amene timalowa m'nyumba mwake n'kumva mantha ake monga tinalowera mwa Michael. Asilamu, amene ndi ochuluka pakati pa Aarabu a m'dzikolo, amangodutsa chapatali. Umboni ndi luso la liwu limodzi, sungathe kuchitira mwina. Ena ogwira ntchito yomweyi anaona malire amenewa. Salim Munayer, amene anayambitsa bungwe la Musalaha mu 1990, ankatengera Akhristu a ku Palestine ndi Ayuda okhulupirira Yesu kuchipululu kuti aliyense amve mbiri ya mnzake kuchokera pakamwa pa mwiniwake, ndipo mu 2014 anatulutsa buku la Through My Enemy's Eyes limene analemba pamodzi ndi Myuda, Lisa Loden. Limenelo ndi lachilungamo kuposa la Chacour pogawa mpata wolankhula, koma ndi buku la mfundo ndi zaumulungu, lowerenga uli ndi pensulo m'manja, ndipo ndikukayika ngati wina analiwerengapo usiku wonse osagona.