Luso Lophunzitsa Munthu Amene Sukumuona

Pulogalamu ya Moodle, imene mayunivesite ambiri a ku Mozambique ndi ku Malawi amaikamo maphunziro awo a pa intaneti, anaiyambitsa munthu amene sukulu yake ya pulayimale ankaimvera pa wailesi. Martin Dougiamas anakulira m'chipululu cha kumadzulo kwa Australia, kumene kunalibe kalasi yoti mwana n'kupitako wapansi. Aphunzitsi ake anali ku Kalgoorlie, mtunda wa makilomita mazanamazana, ndipo ankalankhulana nawo pa wailesi ya School of the Air. Mapepala a ntchito ankabwera pa ndege pakapita masabata angapo. Atakula anagwira ntchito pa yunivesite ya Curtin ku Perth, akuyang'anira pulogalamu yogula yotchedwa WebCT, ndipo zimene zinkamukwiyitsa pa pulogalamuyo n'zimene zinamuchititsa kulemba yakeyake. Moodle inatuluka mu Ogasiti 2002, yaulere, yoti sukulu iliyonse itha kuitenga n'kuisintha mmene ikufunira.

Ophunzira onga mwana wa m'chipululu uja aliponso ku Majaua. Derali lili m'boma la Milange, m'chigawo cha Zambezia, m'mbali mwa mtsinje wa Ruo umene umadula malire a Mozambique ndi Malawi. Anthu ake amalima chimanga ndi nandolo, pakhomo ambiri amalankhula Chichewa kapena Chilomwe, ndipo yunivesite kulibe. Mphunzitsi wa pulayimale wofuna digiri sangasiye kalasi, munda ndi banja n'kukakhala ku Quelimane kapena ku Beira zaka zinayi. Amalembetsa maphunziro akutali. Mphunzitsi wake wa ku yunivesite amakumana naye pa galasi la foni, madzulo ataweruka, thupi litatopa kale.

Kolembetsa kulipo. Universidade Católica de Moçambique inayamba maphunziro akutali ku Beira mu 2003, makamaka pofuna kukweza aphunzitsi amene ali kale pantchito, ndipo inatsegula malo othandizirako ophunzira m'matauni angapo, Milange ndi Gurúè ali m'gulumo. ISCED, ya ku Beira komweko, inabadwa mu 2014 ngati sukulu ya maphunziro akutali okhaokha, ndipo lero imatchedwa UnISCED. Universidade Eduardo Mondlane ya ku Maputo ili ndi Moodle yake yotchedwa Vula. Tsidya la chipata cha Muloza, Mzuzu University ili ndi malo a maphunziro akutali ku Mulanje.

Sukulu zitatsekedwa pa 23 Marichi 2020 chifukwa cha Covid-19, tsiku limodzimodzi m'maiko onse awiri, ngakhale aphunzitsi a ku yunivesite amene anali asanaganizepo zophunzitsa pa intaneti anakakamizika kulowamo. Ambiri anaonetsedwa mwachangu polowera, pokwezera fayilo, potsegulira mayeso ndi polembera malikisi. Zinali zofunika, ndipo nthawi inali yothina. Koma chizolowezi chimene chinakhazikika masiku amenewo chidakalipo m'malo ambiri: kuphunzitsa mphunzitsi kugwiritsa ntchito pulogalamu kumathera pa mabatani. Zotsatira zake zimaoneka munthu akangotsegula phunziro. Moodle imasanduka nkhokwe, mphunzitsi wathiramo mafayilo ake, watseka, wapita.

Pali luso limene maphunziro oterewa amalilumpha, ndipo ndi luso la kalembedwe. Phunziro lakutali limapekedwa monga mmene sewero la pa wailesi limapekedwera, lili ndi poyambira, liwu, popumira ndi pothera, ndipo litha kuweruzidwa kuti lapekedwa bwino kapena moipa. Börje Holmberg, wa ku Sweden, amene anatsogolera sukulu yophunzitsa kudzera m'makalata ya Hermods ku Malmö, ndiye analifotokoza momveka kalekale intaneti isanabwere. Iye ankati phunziro lolembera munthu wakutali lizimveka ngati kucheza kumene mphunzitsi akukutsogolera: wophunzira azilankhulidwa mwachindunji, mfundo zisapanikizane, malangizo a chochita ndi chifukwa chake azinenedwa poyera, ndipo owerenga aziitanidwa kufunsa ndi kutsutsa. Maganizo ake anali akuti munthu akamva kuti kumbali inayo kuli wina amene akumulabadira, mtima wofuna kuphunzira sumuthera msanga.

Aphunzitsi awiri atha kutsegula sabata yoyamba ya phunziro limodzimodzi la jogalafe mosiyana kwambiri. Woyamba amalemba mutu wa gawo, pansi pake mafayilo asanu a mayina a manambala, kenako tsiku lomaliza kupereka ntchito. Palibe chabodza chimene wanena, koma palibenso amene walankhula. Wachiwiri amayamba ndi mizere yochepa yonga iyi: "Takulandirani. Sabata ino tiwerenga masamba asanu ndi atatu okha. Yambani ndi mapu a patsamba lachitatu. Mawu ena akakuvutani musaime, tiwamasulira limodzi Lachinayi. Zonsezi zikutengerani maola atatu, ndipo mukatsitsa kamodzi mutha kuwerenga netiweki itathawa." M'mizere imeneyi wophunzira wadziwa poyambira, kukula kwa katundu, ndi kuti kuvutika kwake kunaganiziridwa kale. Wapatsidwanso ulemu woyenera munthu wamkulu, pakuti amene akuwerengayo mwina ndi mphunzitsi wamkulu pasukulu yake, bambo kapena mayi wa ana asanu.

Mizereyo imalembedwa m'Chipwitikizi, ndipo apa luso limayesedwa kachiwiri. Kalembera wa 2017 anaonetsa kuti ku Mozambique anthu osakwana 20 pa 100 alionse ndiwo amene Chipwitikizi ndi chinenero chawo choyamba. Wophunzira wa ku Majaua amachidziwa, amaphunzitsiramo ana, koma chiganizo cha mizere isanu ndi umodzi chodzaza mawu a m'mabuku a ku Lisboa ndi São Paulo chimamudyera nthawi imene alibe. M'kalasi mphunzitsi amaona nkhope zitachita makwinya, n'kubwereza m'mawu ena. Pa foni nkhope kulibe, choncho kubwerezako kuyenera kulembedweratu. Kulemba Chipwitikizi chopepuka popanda kupeputsa mfundo n'kovuta kuposa kulemba chapamwamba, ndipo aphunzitsi ambiri a digiri zitatu sanaphunzitsidwepo.

Kenako pali kulemera kwa phunziro, nkhani imene munthu wa mu ofesi ya intaneti yaulere saimva. Buku lojambulidwa pa makina tsamba ndi tsamba limakhala mulu wa zithunzi. Limalemera, ndipo pa foni zilembo zake zimachepa moti munthu amawerenga akukoka ndi zala, mzere uliwonse kumanzere ndi kumanja. Mawu omwewo atalembedwa mwachindunji patsamba la Moodle amapepuka kwambiri ndipo amadzikonza okha malinga ndi kukula kwa galasi. Kanema wa ola limodzi amatha kudya mamega mazana angapo, pamene uthenga wa mawu wa mphindi zitatu umadya ochepa zedi. Ku Majaua mamega a Movitel kapena Vodacom amagulidwa ndi ndalama yomweyo ya sopo ndi mchere. Mphunzitsi waluso amadzifunsa ngati nkhope yake ikufunikadi pa mfundo imeneyi, ndipo kawirikawiri yankho limakhala lakuti ayi. Kanema amamusungira zimene mawu sangakwanitse, monga kuonetsa mmene asidi amasinthira mtundu wa mankhwala ena m'botolo.

Pamene luso limaonekera kwambiri ndi pa funso. Funso lakuti "Fotokozani zimene zimayambitsa kusefukira kwa madzi" linafa tsiku limene foni inayamba kuyankha mafunso. Wophunzira amakopera, mnzake amakopera kwa iye pa WhatsApp, mphunzitsi amalandira mayankho ofanana makumi asanu n'kuyamba kudandaula za kubera. Koma anthu a m'mbali mwa Ruo kusefukira kwa madzi amakudziwa ndi maso. Mu Januwale 2015 madzi anaononga malo opangira magetsi amene bungwe la FUNAE linakonza pamtsinjewo ku Majaua. Mu Marichi 2023 namondwe Freddy, atalowa kumtunda cha ku Quelimane, anakhuthula mvula yoopsa ku Milange, Mulanje ndi Phalombe. Mphunzitsi wodziwa zimenezi atha kufunsa mosiyana: wophunzira apite kumtsinje wapafupi ndi kwawo, afunse akuluakulu awiri pamene madzi anafika m'zaka ziwirizo, ayang'ane mitengo imene yatsala m'magomo ndi minda ya m'mphepete, kenako afotokoze zimene waona pogwiritsa ntchito mfundo za m'mutu wachitatu. Yankho la funso lotere silipezeka pa Google. Wa ku Majaua ndi wa ku Gurúè amabweretsa zosiyana, ndipo akaziika pamodzi kukambirana kumayamba kokha, popanda kuwaopseza ndi malikisi. Izi n'zimene Dougiamas ankafuna pomanga Moodle, kuti ophunzira azipanga chinthu choti anzawo achione ndi kuchiyankha. Phindu lina n'lakuti mphunzitsi wa ku Beira amaphunzira za Ruo zimene buku lake silinalembe.

Mayeso osankha yankho, amene ambiri amawanyoza, nawonso ali ndi luso lake lobisika. Moodle imalola mphunzitsi kulemba ndemanga pansi pa yankho lililonse, lolondola ndi lolakwika lomwe. Ambiri malowo amawasiya opanda kanthu, wophunzira n'kungoona chizindikiro chofiira. Mphunzitsi amene wakhala zaka akuchonga mapepala amadziwa chifukwa chimene anthu amasankhira yankho lachiwiri m'malo mwa lachinayi, ndipo atha kulemba kuti, "Mwasokoneza nyengo ya tsiku ndi nyengo ya zaka zambiri; bwererani ku chitsanzo cha patsamba lachisanu." Amalemba kamodzi, koma wophunzira aliyense wolakwa pamenepo amamva ngati amulankhula iye yekha, ngakhale pakati pa usiku.

A ku Malawi anaona luso lofanana ndi limeneli pa wailesi. Pulogalamu ya Tikwere, imene inayamba kumveka pa MBC mu 2008 m'makalasi oyambirira a pulayimale, inkasiya dala mipata yachete kuti ana ayankhe, aimbe kapena aloze chinthu, mphunzitsi wa m'kalasimo akuwatsogolera. Olemba ake ankayenera kuyeza kutalika kwa mpata uliwonse: ukafupika ana sanamalize, ukatalika ayamba phokoso. Wolemba phunziro la pa intaneti ali ndi ntchito yomweyo, kungoti mipata yake imayezedwa m'masiku. Ntchito yofuna kuti onse alowe nthawi imodzi, kapena mayeso otseka pakatha mphindi makumi atatu, zimalanga munthu chifukwa cha mlongoti wa netiweki, osati chifukwa cha umbuli. Tsiku lomaliza loikidwa pakati pa dzinja, misewu itaduka ndipo foni ikukatchajidwa kumsika, liyenera kukhala ndi mpata wopumira. Pulogalamu ya Moodle ya pa foni imalola kutsitsa zowerenga n'kuziwerenga popanda intaneti, koma zimatheka pokhapokha mphunzitsi atakonza phunziro lake ndi cholinga chimenecho.

Pulogalamuyi imasunganso mbiri ya amene walowa ndi tsiku limene analowa komaliza. Ena amaigwiritsa ntchito ngati kaundula wa olephera. Mphunzitsi wabwino akaona kuti wina wasowa masabata awiri amamutumizira uthenga waufupi wofunsa ngati kunyumba kuli bwino. Ophunzira akutali kawirikawiri sasiya sukulu polengeza, amangozilala, ndipo uthenga umodzi wofika pa nthawi yake umabweza ena mwa iwo.

Gilly Salmon, amene anaphunzitsa pa Open University ya ku Britain, anatulutsa buku lotchedwa E-moderating mu 2000, ndipo njira yake inali yakuti aphunzitsi aphunzire kuphunzitsa pa intaneti ali pa intaneti pomwepo, atakhala ngati ophunzira. Mfundoyi ikufunika kuno kuposa kwawo. Maphunziro a aphunzitsi amachitikira m'chipinda cha makompyuta akuluakulu, magetsi osazima ndi katswiri ataima kumbuyo. Akanati apatsidwe foni yotsika mtengo ndi mamega owerengeka, n'kuuzidwa kuti atsegule phunziro lawo lomwe ndi kupereka ntchito imene iwo eni anafunsa, ambiri akanachotsa theka la mafayilo awo tsiku lomwelo. Pambuyo pake aziwerengerana masamba oyamba ndi mafunso, mnzawo aziwauza pamene sipakumveka, monga amachitira alembi.

Komabe si chilungamo kusenzetsa mphunzitsi yekha katundu yense. Tsamba loyamba labwino, funso lokumbidwa m'dera la wophunzira ndi ndemanga pansi pa yankho lililonse zimadya maola ambiri, ndipo maola amenewo saoneka pa ndandanda ya ntchito, imene imawerenga nthawi yoima kutsogolo kwa kalasi. Mphunzitsi mmodzi akapatsidwa ophunzira mazana angapo omwazikana kuchokera ku Milange mpaka ku Pemba, ndemanga yake imafupika mpaka kutsala nambala yokha. Yunivesite imene ikufuna kuti aphunzitsi ake azilemba monga Holmberg ankanenera iyenera kuchepetsa chiwerengero cha ophunzira pa mphunzitsi aliyense, kulipira nthawi yopeka phunziro monga imalipirira nthawi yophunzitsa, ndi kutumiza olemba maphunzirowo kukacheza ku malo ake a ku Milange pa masiku a mayeso, pamene ophunzira a ku Majaua amabwera ndi mafoni awo m'manja ndipo atha kuonetsa okha tsamba limene linakana kutseguka.