Zifaniziro za Zombo za Nkhondo, ndi Cimene Zibisa

Pali luso lina limene anthu a m'maiko a kutsidya kwa nyanja alikonda kuyambira kale, ndilo kupanga zifaniziro zazing'ono za zombo za nkhondo. Sitinena za tingalawa ta bango timene ana aseweretsa m'thamanda mvula itagwa, iai. Tinena za nchito ya amisiri, imene munthu atha nayo caka cathunthu kapena zaka zingapo, nayesa thabwa liri lonse ndi muyeso, kuti kacombo kaime pa gome kolingana m'zonse ndi combo cacikuru cimene cinayenda pa madzi. Anthu ambiri akaona zotere amati, Taonani, mbiri ya kale yaima pamaso pathu. Ife tifuna kuyesa mau amenewa ngati ali oona. Pakuti mwana wophunzira za nkhondo poyang'ana cinthu cokongola angathe kucoka ataikonda nkhondoyo asanaidziwe.

Tiyambe ndi zifaniziro zimene amisiri a ku England anazipanga kuyambira ngati caka ca 1650 kufikira ngati 1750. Zimenezi zichedwa ndi dzina la bungwe limene linayang'anira zombo za mfumu, ndilo Navy Board. Zambiri zisungika ku National Maritime Museum ku Greenwich, ndi zina ku sukulu ya asilikari a pa madzi ku Annapolis, m'dziko la America. Muyeso wa zambiri ndiwo 1 pa 48, ndiko kuti utali uli wonse wa combo ceniceni unacepetsedwa ka 48. Amisiriwo anasankha mitengo yolimba yosang'aluka, yonga boxwood. Kunsi kwa combo sanakhomako matabwa onse, koma anasiya nthiti ziri poyera, kuti wopenya aone m'mene zicokera ku msana wa combo ndi kupindikira kumwamba. Kumbuyo anasemako mikango, akorona ndi maluwa, nazipaka golidi. Akuru a boma anazikonda kwambiri. Samuel Pepys, amene anali mlembi wa za zombo za mfumu, anasonkhanitsa zace.

Tiyenera kuyamikira nchito imeneyi tisanaidzudzule. Mapepala a miyeso ya zombo zambiri za nthawi imeneyo anatayika, ndipo zombozo zinavunda kapena kumira. Cotero pa zinthu zina cifaniziro ndico mboni yotsala yokha. Wofuna kudziwa pamene panaima milongoti, kapena m'mene mizinga inandandalikidwira, apeza yankho pamenepo koposa m'buku. Ndiponso wopanga cifaniziro sangathe kunama mosavuta monga wolemba. Wolemba akhoza kunena kuti combo cinali cacikuru ndithu, napitirira; koma mmisiri ayenera kudziwa utali wace, ndipo akalakwa pa nthiti imodzi, zinzace sizikhala bwino. Akuru anati, Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kudekha kotere tikukhumbira ana athu a sukulu.

Koma tsono, tikayang'anitsa zifanizirozi, tiona kuti ziri zopanda munthu. Pansi pace mposalala, mizinga yace njowala, ndipo palibe amene adya, agona, adwala kapena afa m'menemo. Kuti timvetse kukula kwa cosowaci, tiyeni tiwerengere pamodzi, titatenga combo cimene opanga zifaniziro acikonda koposa kufikira lero, ndico Victory. Msana wace unaikidwa ku Chatham m'caka ca 1759, ndipo cinalowa m'madzi m'caka ca 1765, citatha mitengo ngati 6,000. Pa nkhondo ya Trafalgar, pa 21 October 1805, cinanyamula mizinga 104 ndi amuna ngati 820. Utali wa cipinda cace cacikuru ca mizinga ndiwo mafiti 186. Pa muyeso wa 1 pa 48 utali umenewu ukhala mainchi 46 ndi theka, wosakwana mafiti anai. Mmarinyero ali yense anapatsidwa malo a mainchi 14 m'mimba mwace opacikapo macira ace ogonamo. Pa cifaniziro malo amenewa alingana ndi njere imodzi ya cimanga. Tayesani kuganiza njere mazana angapo zothithikana m'cipinda cimodzi ca mdima, pakati pa mizinga, ndipo mudzayamba kuona combo cimene anthu anakhalamo.

Ena mwa amuna amenewa sanadza mwa kufuna kwao, pakuti magulu a asilikari anali kugwira amuna m'madoko ndi kuwakokera ku zombo za mfumu. Sanali Angerezi okhaokha. Buku la maina la Victory lichula anthu a mitundu yambiri, ndipo pa cithunzi ca mkuwa ca imfa ya Nelson, patsinde pa cipilala cace ku London, paoneka mmarinyero wakuda ali ndi mfuti m'manja. Pa nkhondo zonse za pakati pa 1793 ndi 1815 amarinyero a ku Britain amene anafa ndi nthenda ndi ngozi anaposa kutali amene anaphedwa ndi adani. Nthenda yotupitsa nkhama ndi kugulula mano, yobwera cifukwa ca kusowa zipatso ndi ndiwo zamasamba, inayamba kucepa pamene boma linalamula m'caka ca 1795 kuti azipatsidwa madzi a mandimu. Ndipo tsiku la Trafalgar m'Victory mokha munafa anthu 57, nalasidwa 102. Cipolopolo ca mzinga cikaboola thabwa, zibenthu za mtengo zinali kuuluka ngati mikondo. Olasidwa anatsitsidwa ku cipinda ca pansi, kumene dotolo anadula manja ndi miyendo popanda mankhwala ogonetsa. Anyamata ang'ono ndiwo anali kuthamanga ndi onga kumka nao ku mizinga.

Zonsezi cifaniziro cokongola cija sicichula. Sitinena kuti cinama. Cinena zoona za mtengo, nicikhala cete za munthu. Koma umboni wonena theka la mlandu ukhoza kusoceretsa bwalo monga umboni wabodza. Mwambi uja wakuti, Cikomekome ca nkuyu, m'kati muli nyerere, uyenera pano. Ndipo sitizizwa, pakuti zifanizirozi zinapangidwa kuti zikondweretse maso a akuru olamulira zombo, amene anafuna kuona ulemerero wa mfumu ndi nzeru za amisiri ace.

Tsono tiyeni tione mtundu wina wa zifaniziro, wocokera m'manja ena. Pa nkhondo zomwezo za pakati pa Britain ndi France, Afalansa zikwi makumi ambiri anagwidwa nasungidwa ku England. Ena anatsekeredwa m'zombo zakale zovunda zoimikidwa m'madoko a Portsmouth, Plymouth ndi Chatham. Ena ku ndende ya Norman Cross pafupi ndi Peterborough, imene inatsegulidwa m'caka ca 1797. Ena ku Dartmoor kuyambira m'caka ca 1809. Ambiri anakhala m'nsinga zaka zambiri osadziwa tsiku lakumasuka. Anthu amenewa analibe boxwood kapena golidi. Anali ndi mafupa a ng'ombe ndi a nkhosa otsala pa phoso lao. Anawawiritsa, nawayeretsa, nawaceka tizidutswa topyapyala ngati cikhadabo, nawakhomera pa thupi la mtengo ndi timisomali ta mkuwa. Zingwe za pa milongoti anazipota ndi tsitsi, ndi ubweya wa ku mcira wa kavalo, ndi ulusi. Zipangizo zao zambiri anazisula okha ndi misomali ndi zidutswa za citsulo. Akatha, anagulitsa kacomboko pa msika wa pa cipata ca ndende, kuti apeze kobiri logulira cakudya coonjezera kapena fodya. Zambiri za ku Norman Cross zisungika ku Peterborough Museum.

Odziwa za zombo apeza zolakwa zambiri pa zifaniziro za mafupazi, ndipo sanena bodza. Andendewo analibe mapepala a miyeso. Anapanga monga anakumbukira. Cifukwa cace pa zambiri milongoti italika kopitirira, mizinga icuruka kuposa imene combo cikanatha kunyamula, ndipo zokometsera ziposa muyeso. Ndiponso kawirikawiri thupi la combo liri la mapangidwe a ku France, koma dzina ndi mbendera ziri za ku England, popeza wogula anali Mngerezi. Wofuna kuphunzira mamangidwe a combo asapite kwa izi; apite ku Greenwich.

Koma ife tiweruza kuti pa nkhani ya nkhondo yeniyeni zifaniziro za mafupa ndizo mboni yoposa. Cifukwa cace nci? Pa cifaniziro ca amisiri a mfumu munthu anacotsedwa. Pa ca andende munthu sangacotsedwe, pakuti ali m'cinthu comwe anacipangira. Fupa linena za njala yace. Tsitsi linena za kusowa kwace. Kucuruka kwa timfundo ta zingwe kunena za masiku amene analibe kowataya. Mbendera ya mdani imene anaipacika pa combo ca kwao inena kuti munthu wogonja agulitsa ngakhale cimene anacimenyera nkhondo, kuti adye. Ngakhale milongoti yotalika kopitirira iri ndi coonadi cace. Pakuti munthu akakhala zaka zambiri osaona kwao, zakwao zikula m'mtima mwace. Ku Norman Cross kokha kunafa andende 1,770, oposa 1,000 a iwo pa mliri wa malungo wa m'zaka za 1800 ndi 1801. Wopenya kacombo koyera kaja, atamva ciwerengero cimeneci, sangacokepo ali wosirira nkhondo.

Masiku ano luso limeneli lafalikira kwambiri. Makampani onga Airfix, Revell ndi Tamiya agulitsa zidutswa za pulasitiki m'mabokosi, zambiri pa muyeso wa 1 pa 350 kapena 1 pa 700, ndipo ali yense wokhala ndi guluu ndi utoto akhoza kulumikiza combo cace. Pa muyeso wa 1 pa 700 munthu acepa kuposa njere ya mpunga, cotero ciyeso ca kumuiwala cikula. Pali opanga ena amene atsutsana usiku wonse za mtundu wa utoto umene combo cakuti cinapakidwa m'mwezi wakuti, koma osadziwa kuti munafa angati m'menemo. Amenewa ali ngati munthu wodziwa kuwerenga mapaso a denga, wosadziwa eni nyumba. Njira yabwino tiiona ku Kure, m'dziko la Japan. M'nyumba ya zakale imene inatsegulidwa kumeneko m'caka ca 2005 anaikamo cifaniziro ca Yamato pa muyeso wa 1 pa 10, cotalika mamita 26. Combo cimeneci cinamizidwa pa 7 April 1945 ndi amuna oposa 3,000. M'nyumba yomweyo anaikamonso zithunzi ndi makalata otsiriza a ena mwa akufawo, kuti wocoka pa citsulo akomane ndi nkhope.

Nkhani imeneyi siiri ya kutali kokha, pakuti nyanja yathu iri ndi mbiri yace ya nkhondo ya pa madzi. M'mwezi wa August 1914 sitima ya boma la Nyasaland, Guendolen, yotsogozedwa ndi Kapitao Rhoades, inafika ku Sphinxhafen, kumene lero kuchedwa Liuli, m'dziko la Tanzania. Inapeza sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, itakokeredwa pa mtunda kuti ikonzedwe, niiombera. Kapitao wa Ajeremani, Berndt, anali bwenzi la Rhoades, ndipo anali asanamve kuti nkhondo yayamba. Nkhaniyi isimbidwa kawirikawiri ngati nthabwala, ndipo mzinga wa Guendolen unaikidwa pafupi ndi cipilala ca koloko ku Mangochi. Koma kupambana kumeneku ndiko kunatsegula nyanja kuti asilikari ndi katundu azipita kumpoto. Ndipo nkhondo yomweyo inatenga amuna zikwi zambiri a dziko lino kukhala amtengatenga, ambiri a iwo osabwerera. Sitima za pa nyanja nthawi imeneyo zinali kuyenda ndi nkhuni. Mwana wofuna kupanga cifaniziro ca Guendolen ayenera kufunsa: anatema nkhunizo ndani, anazisenza ndani kufikira pa doko, ndipo anasonkheza moto ndani pansi m'kutentha?

Cotero kwa aphunzitsi anzathu ndi kwa onse okonda lusoli tinena zitatu. Coyamba, sungani muyeso, ndipo muulembe pa tsinde la cifaniziro. Pakuti muyeso ndiwo usiyanitsa umboni ndi coseweretsa. Caciwiri, ikanipo munthu, ngakhale mmodzi, wosemedwa pa muyeso womwewo, kuti wopenya adziyese yekha pa combo. Cacitatu, pa kapepala ka dzina musalembe mizinga yokha; lembaninso kuti anakweramo angati, ndi kuti anatsikamo angati. Mukatero, mwana adzaphunzira kuwerengera, adzaphunzira kugwira mpeni ndi kudekha, ndipo adzaphunziranso cimene andende a ku Norman Cross anacidziwa bwino kuposa akuru a Navy Board: kuti combo ca nkhondo cinali nyumba yodzala anthu, amene amai ao anali kuwayembekeza kumudzi.