Mbava zachifundo za mu Leverage: ana aonere kapena ayi?

Sewero la pa kanema la Leverage linayamba kuonetsedwa pa TNT ku America mu Disembala 2008, pasanathe miyezi itatu banki ya Lehman Brothers itagwa, komanso mwezi womwewo umene Bernard Madoff anamangidwa chifukwa chodya ndalama za anthu amene ankamukhulupirira. Anthu ambiri anali atataya nyumba, ntchito ndi ndalama za penshoni, pamene mabwana ambiri amene anayambitsa mavutowo sanaone n'khomo la ndende lomwe. John Rogers ndi Chris Downey, amene anapeka seweroli, anapatsa anthu okwiyawo chimene makhoti sankawapatsa: mbava zisanu zobera anthu achuma osaopa lamulo, n'kubwezera osauka amene anadyeredwa masuku pamutu. Linatha mu 2012 litaonetsa magawo 77, ndipo mu 2021 linabweranso ndi dzina loti Leverage: Redemption. Ndi sewero lofulumira, loseketsa, lopanda magazi ambiri, choncho ana amakopeka nalo, ndipo kholo lili ndi chifukwa chomveka chodzifunsira ngati n'koyenera kusiya mwana akuombera m'manja akuba. Ine ndikuti mwana wa zaka 12 kapena 13 akhoza kulionera n'kupindula nalo. Koma chimene chikundichititsa kutero si mtima wabwino wa mbavazo. Ndi mmene alembi anamangira nkhani, ndipo m'kamangidwe komweko ndi momwe mwabisala choopsa chenicheni cha seweroli, chimene makolo ambiri sachiona chifukwa maso awo ali pa kuba.

Mtsogoleri wa gululi, Nate Ford, yemwe anaseweredwa ndi Timothy Hutton, anali wofufuza za chinyengo ku kampani ya inshulansi ya IYS. Mwana wake Sam atadwala, kampaniyo inakana kulipira chithandizo, mwanayo n'kumwalira. Anzake anayi ndi anthu amene iye ankawasaka kale: Sophie, tambwali amene amalephera kusewera pa siteji koma amasanduka munthu aliyense akafuna kupusitsa wina, Hardison, katswiri wolowa m'makompyuta a eni, Parker, wotsegula masefa ndi kutsika nyumba zosanja pa chingwe, ndi Eliot, munthu wa zibakera amene amadana ndi mfuti. Pafupifupi gawo lililonse limayenda njira imodzi. Timayamba ndi wolakwiridwa, monga msilikali amene anavulazidwa ndi alonda a kampani yopatsidwa ntchito ya nkhondo ku Iraq, kapena banja limene linaberedwa ndalama pofuna kulera mwana wamasiye. Kenako gululi limatchera msampha, pakati pake zinthu zimaoneka ngati zasokonekera, ndipo mphindi zomaliza mdani amadzipeza ali m'manja mwa apolisi asakudziwa chimene chamugwetsa.

Luso lenileni lili pa mphindi zomalizazo. Kanema amabwerera m'mbuyo n'kutionetsanso zimene tinaona kale, koma tsopano ndi kachidutswa kamene anatibisira. Pamene Parker anagundana ndi mdani uja pakhomo n'kupepesa, dzanja lake linali m'thumba la jekete. Pamene Hardison ankaoneka ngati wagwidwa njakata pa lamya, anali akulankhula ndi munthu wina, osati amene ife tinkamuganizira. Apa woonera amazindikira kuti amene anapusitsidwa si mdani yekha, nayenso anapusitsidwa, ndipo anapusitsidwa maso ali gwa pa kanema. Chimene chimasangalatsa pamenepa si ndalama zobedwa. Nthawi zambiri ndalamazo sitiziona n'komwe, kapena timangoona cheke chikuperekedwa kwa wolakwiridwa uja. Chimene chimasangalatsa ndi kumvetsa. Mwana akaonera magawo angapo amayamba kupikisana ndi alembi: amayang'ana manja m'malo mwa nkhope, amafunsa chifukwa chimene kamera yachokera msanga pa tebulo, amakayikira munthu wolankhula mokoma kwambiri. Sewero limene limazoloweretsa mwana kuonera motere likumupatsa chinthu chosowa, chifukwa zambiri za pa kanema zimangofuna kuti akhale phee n'kumeza.

Wina anganene kuti zonsezi ndi kukometsera chabe, kuba ndi kuba, ndipo mwana amene amaona wakuba akuchemereredwa sabata iliyonse adzayamba kuona kuba ngati nzeru. Mantha amenewa si opanda pake, koma akanakhala oona mmene akunenedweramu, bwenzi nthano za Kalulu zitatiwonongera ana kalekale. Agogo akhala akusimbira tiana tating'ono za Kalulu amene anapusitsa Njovu ndi Mvuu kuti azikokana chingwe aliyense akuganiza kuti akukokana ndi iye, ndipo palibe amene anaona kuti nthanozo ndi sukulu ya utambwali. Ku England ali ndi Robin Hood, amene Disney inamusandutsa nkhandwe m'kanema wa ana wa 1973. Nkhani ya wamng'ono wochenjera wogonjetsa wamphamvu wankhanza ana amaimva ngati nkhani ya chilungamo, chifukwa iwonso ndi aang'ono pakati pa akuluakulu. Komanso tiyang'ane mmene msampha wa mu Leverage umagwirira. Mdani sakakamizidwa. Amaonetsedwa phindu lachangu, malo otchipa modabwitsa, mwayi wobera mnzake wina, ndipo amalowa yekha chifukwa cha dyera. Mwana sangatengepo njira yotsegulira sefa, poti zimene Parker ndi Hardison amachita n'zongopeka zimene sizingatheke mmene amazionetsera. Chimene angatengepo ndi kudziwa mmene tambwali amagwirira munthu: amamuthamangitsa kuti asapeze nthawi yoganiza, amavala ulemu wa ofesi yaikulu, amamulonjeza chimene mtima wake ukulakalaka kale. Kwathu kuno, kumene mauthenga abodza oti mwawina mphoto kapena oti ndalama ija mutumize pa nambala iyi amafika pafupifupi pa lamya iliyonse, mwana wodziwa zimenezi ali ndi chodzitetezera.

Vuto limene ndikuliona ndi lina, ndipo ndi lolemera kuposa limeneli. Kuti woonera asangalale ndi kugwa kwa mdani popanda chomuluma mumtima, alembi amayenera kumutsimikizira kuti mdaniyo ndi wolakwadi. Choncho amationetsa bwanayo ali payekha akulamula kuti umboni uwotchedwe, akuseka amasiye, akuopseza mboni. Ife timadziwa zonse, ndipo gulu la Nate limakhala ngati likudziwa zimene ife tikudziwa. Munthu amabwera ndi madandaulo, Hardison amafufuza mphindi ziwiri pa kompyuta, mlandu watha, chatsala ndi chilango. Woimbidwa mlandu safunsidwa mbali yake, ndipo seweroli lamangidwa mwakuti kumufunsa kungaoneke ngati kutaya nthawi. Kalongosoledwe kotere kamanong'oneza mwana kuti amene wakwiya pa chifukwa chabwino sangalakwitse munthu, ndiponso kuti makhoti, maloya ndi umboni ndi zotchinga zimene anthu abwino amazilambalala. Ku America mwina uku n'kungodzitonthoza kwa anthu otopa ndi mabanki. Koma ku Malawi, kumene munthu wongoganiziridwa kuti waba amatha kumenyedwa kapena kuwotchedwa ndi gulu apolisi asanafike, ndipo agogo okalamba amaphedwa powanamizira ufiti, kutengera lamulo m'manja si nkhani ya pa kanema. Amene amatola mwala pamsika nayenso amakhala wotsimikiza mtima ngati Nate, kungoti palibe mlembi amene wamuonetsa zoona zake zonse.

Chochititsa chidwi n'chakuti alembi a Leverage ankachidziwa choopsa chimenechi, chifukwa ndi chimene anayambira. M'gawo loyambirira, The Nigerian Job, bwana wa kampani yopanga ndege, Victor Dubenich, amabwera kwa Nate akudandaula kuti kampani ina yamubera mapulani ake. Amamuuzanso kuti kampani inayo ili pa inshulansi ya IYS, podziwa bala limene Nate ali nalo mumtima. Nate amavomera, gululi limakaba mapulaniwo, kenako n'kuzindikira kuti Dubenich ananama: mapulaniwo sanali ake, ndipo iwo abera anthu osalakwa. Apa seweroli linanena zoona zenizeni za munthu wodzipatsa yekha udindo woweruza, kuti chisoni chake ndi mkwiyo wake ndi chingwe chimene wochenjera aliyense angamukokere nacho. N'zachisoni kuti pambuyo pa gawo limeneli alembi sabwererako kawirikawiri ku funso limeneli, ndipo odandaula ambiri otsatira amakhala oona mtima ndithu. Pamenepa nthano zathu zinachita bwino kuposa Leverage. Kalulu yemweyo amene timamuchemerera akagonjetsa Njovu, tsiku lina amakana kukumba nawo chitsime, n'kumakaba madzi amene anzake anakhetsera thukuta, mpaka Kamba anamugwira. Osimba nthano sanalole kuti ana aganize kuti wochenjera amakhala kumbali ya chilungamo nthawi zonse.

Okonda seweroli angayankhe kuti mbavazi sizidutsa mwaulere. Ali ndi mfundo. Nate ndi chidakwa, ndipo seweroli silibisa kuti mowa ndi mkwiyo zimamuchititsa kuika anzake pa ngozi. Kumapeto kwa chigawo chachiwiri amadzipereka yekha m'manja mwa Sterling, mnzake wakale wa ku IYS amene analowa Interpol, kuti anzake athawe, ndipo amakalowa m'ndende. Parker anakulira m'manja mwa olera ana osiyanasiyana popanda womukonda, ndipo mu The Stork Job, atapeza ana amasiye osungidwa moipa ku Belgrade, amasiya pulani yonse n'kubwerera kukawatenga chifukwa akudziona yekha mwa iwo. Eliot amanyamula manyazi a zimene anachita kale ndipo safuna kuzitchula. Zonsezi zimapangitsa anthuwa kukhala anthu enieni, ndipo mwana wamkulu amaona kuti moyo wawo si wosiririka. Koma tionetsetse kuti mtengo umene akulipirawu ndi wa mabala awo akale ndi wa kusamvana kwawo. Si mtengo wa kulakwira munthu wosalakwa. Funso loti bwanji akanakhala kuti alakwitsa munthu limatsalabe poyera, ndipo limeneli ndi limene kholo liyenera kulibweretsa lokha, chifukwa seweroli silidzalifunsa mokwanira.

Kwa ana aang'ono, a zaka zosakwana 10, yankho ndi losavuta: adikire. Zibakera za Eliot zilipo m'magawo ambiri, ndipo mu The Big Bang Job, chakumapeto kwa chigawo chachitatu, amatola mfuti n'kupha anthu ambiri m'nyumba yosungira katundu. Pali mowa, pali kuopsezana, pali imfa ya mwana imene imabwerezedwa m'maganizo a Nate. Koma chifukwa chachikulu n'chakuti mwana wamng'ono sangathe kusunga nkhani ziwiri m'mutu nthawi imodzi, imene mdani akuuzidwa ndi imene ikuchitikadi. Kanema akabwerera m'mbuyo, iye saona msampha ukumasulidwa, amangoona anthu amene amawakonda akunama, akuba, kenako n'kumaseka limodzi. Chimene chimateteza mwana wamkulu, kumvetsa kuja, mwana wamng'ono alibe, ndipo chimene chimamutsalira ndi chimene makolo ankaopa poyamba paja.

Kwa amene wafika msinkhu, gawo loyenera kuyambira kuonera limodzi ndi kholo ndi The Rashomon Job la m'chigawo chachitatu, limene dzina lake linachokera ku kanema wa Akira Kurosawa wa 1950. Asanuwo ali pa bala, ndipo mmodzimmodzi akusimba za usiku wina zaka zisanu zapitazo, asanakhale gulu limodzi, pamene mpeni wamtengo wapatali unasowa m'nyumba yosungira zinthu zakale ku Boston. Usiku womwewo timauona kasanu, ndipo ulendo uliwonse umasintha. Kalankhulidwe ka Sophie kamamveka mosiyana malinga ndi amene akusimba. Mkulu wa alonda, amene mbavazo zimamukumbukira ngati munthu woopsa wozisaka, amadzaoneka m'kusimba kwa Nate ngati bambo wofatsa, wamanyazi, amene ankangofuna mpata wolankhula ndi mkazi amene anamugwera m'chikondi. Aliyense wa iwo anaona ndi maso ake, aliyense anali wotsimikiza, ndipo anayi mwa iwo anamuweruza molakwa munthu ameneyu. M'gawo limeneli luso lobwerera m'mbuyo lija latembenuzidwa kuti liyese mbavazo m'malo moyesa adani awo, ndipo mwana amene waliona ali ndi poyambira kufunsa, m'magawo ena onse, kuti kodi Nate wadziwa bwanji kuti wodandaulayu akunena zoona.